Chidindo cha a Namakhwa

Amuna anga, a Jailos Namakhwa, anali ojambula mapulani a nyumba, aja amati akitekiti. Sindikunena anyamata ali mbweewa pa Boma, amene amakujambulira nyumba ya zipinda zitatu uli chiimire. Iwo anali ndi chiphaso chochokera ku bodi yoyang'anira ntchito imeneyi, ndiponso chidindo chokhala ndi dzina ndi nambala yawo. Nyumba yaikulu ngati sukulu, pulani yake imafuna chidindo cha munthu wotere isanapite ku khonsolo. Ndayamba ndi zimenezi kuti tisavutane kutsogoloku.

Anagwira ntchito ku Blantyre mpaka imvi, kenako tinabwerera kwathu kuno ku Mulanje. Ine ndinkati tabwera kudzapuma. Ndisanamalize n'kumasula katundu komwe, iwo anali atapeza kale kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo pa Boma, atakhoma chikwangwani, atalowetsamo tebulo lawo la mkungudza. Nditawafunsa ngati kupuma kuja n'kumeneku, anati anthu a kuno atopa kukwera minibasi kukafuna chidindo ku tawuni. Ndinawasiya. Mwamuna wokhala pakhomo tsiku lonse amangosokoneza nkhuku.

Ireen anabwera ofesiyo itakhazikika. Anali mwana wa anthu othyola tiyi, wokulira m'makomboni a esiteti, ndipo anali atangomaliza maphunziro a ntchito yomweyi ku Blantyre. Koma pa ntchito imeneyi sukulu yokha siikwanira. Ukamaliza umayenera kugwira zaka zingapo pansi pa munthu wachiphaso, iye n'kukuchitira umboni kuti wakuona ukugwira, ndiye ukalembe mayeso a bodi. Ukakhoza, m'pamene umakhala ndi chidindo chako. Ofesinso payokha siingalandire ntchito ngati mulibe munthu wachiphaso. Choncho kaofesi kaja, kompyuta ya Ireen, ndi tsogolo lake lomwe, zonse zinkaimira pa dzina la munthu mmodzi wokalamba amene ankakana kumwa mankhwala a BP.

Mtsikanayo ndinamukonda, ngakhale sindinamuuze. Mwana wathu Godwin ali ku Joni ndipo za mapulani alibe nazo ntchito. Ireen ankabwera kunyumba Loweruka, n'kumakangana ndi amuna anga za mawindo pakhonde, ine ndikuwathamangitsa kuti ndisese. Iwo ankamutcha mtsikana wa kompyuta. Iye ankawatcha abwana, ine amayi.

A Namakhwa anali ndi kachitidwe kawo kamene aliyense wogwira nawo ntchito ankakadziwa. Sankadinda pulani asanathire madzi pamalopo. Ankafika pamalo omangapo, n'kuvula nsapato, n'kuyenda kuzungulira kuti amve nthaka ku mapazi. Kenako ankapempha ndowa ya madzi, n'kukaithira kumtunda kwa malowo, n'kuima chete kuona kumene madziwo akulowera. Akatero ankatapa dothi lonyowalo n'kulifinya m'manja. Zoyeza ndi makina ankachitanso, koma ndowa inkayamba. Ankati munthu wa pansi pa phiri ili akamanga osafunsa madzi, madziwo adzabwera okha kudzamufunsa. Anthu ena ankaseka. Makontirakitala ankadandaula kuti madalawa akuchedwetsa ntchito. Iwo analibe nazo kanthu: popanda ndowa, palibe chidindo.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy uja. Za napolo sindifotokoza, aliyense wa kuno ali ndi maliro ake. Kumtunda kwa Likhubula kuli mudzi wina umene sukulu yake inakokoloka, midadada iwiri yonse, n'kutsala mtengo wa mbendera wokha. Ana ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Patapita nthawi bungwe lina lachifundo linavomera kumanga ina pamalo atsopano, ndipo komiti ya sukuluyo inabweretsa ntchito ya pulani kwa amuna anga. Ireen anakwera kukayeza malowo. Iwo anati apita mlatho umene unakokoloka ukakonzedwa, chifukwa mawondo sankawalola kuwoloka pamiyala.

Mlathowo usanakonzedwe, anagwa. Ndinawapeza m'mawa pafupi ndi mpopi, mswachi uli m'manja, pakamwa patakhota. Ku chipatala cha Mishoni anati ndi sitiroko. Anatithandiza bwino, ndipo tinatuluka akutha kukhala tsonga. Mwendo wamanja unkakoka, koma mawu anabwerera pang'onopang'ono, dzanja nalonso linayamba kugwira supuni. Anthu akafunsa ndinkati akuchira, ndipo sindinkanama. Kungoti mutu unali ndi masiku ake. Tsiku lina ankawerenga nyuzi n'kumatukwana mitengo ya simenti. Tsiku lina ankandifunsa ngati amayi awo abwera kuchokera kumunda, chonsecho amayiwo tinawaika Godwin ali kumsana. Pamasiku oterewa ankalankhula Chilomwe chokhachokha, chimene ku Blantyre anachisiya zaka zonse zija.

Ireen anamaliza pulani yekha. Ankabwera nayo kunyumba n'kuiyala pa tebulo, iwo n'kumagwedeza mutu. Nthawi zina ankaloza penapake n'kunena kanthu kanzeru, iye n'kukonza. Nthawi zina ankangosisita pepalalo ngati nsalu.

Tsiku lina kunabwera a Morton, apampando a komiti ya sukulu ija, munthu wamtali wolankhula ngati ali pamsonkhano ngakhale muli awiri. Anabwera ndi Ireen. Amuna anga anali atagona, ndiye tinakhala pakhonde. A Morton anayamba ndi moni wautali, za mvula, za matenda, za chifundo cha Mulungu, mpaka ndinawadula kuti anene chimene abwerera. Anati a bungwe aja akufuna pulani yodinda mvula isanayambe, apo ayi thandizolo alipititsa ku boma lina. Anati pulani ilipo, yabwino, aliyense waiyamikira. Chatsala n'chidindo basi.

“Chidindotu sichidwala, amayi,” anatero a Morton. “Chili m'nyumba momwemu. Inu mungotibweretsera, mwanayu adinde, nkhani yatha. Ena onse amatero.”

Ndinayang'ana Ireen. Iye ankayang'ana zala zake. Nditamufunsa maganizo ake, anafotokoza motsitsa mawu kuti sukuluyi ndiyo ntchito yomaliza imene inkafunika kuti akaloledwe kulemba mayeso a chaka chimenecho. Abwana akadinda n'kumusainira, alemba, ndipo akakhoza ofesi ipitirira pa dzina lake. Akapanda kudinda, ndiye kuti ofesi ilibe munthu wachiphaso, iyenera kutsekedwa, iye akafune ofesi ina ku tawuni yoti imulandire, ndipo sankadziwa kuti zaka zimene wagwira kuno akaziwerengera zingati. Sanapemphe chilichonse.

Ine sindine munthu wozungulira. Ndinawauza a Morton kuti chidindo si mpeni wa kukhitchini woti ndingabwereke kwa aneba, mwini wake alipo ndipo ali moyo. Madzulo amenewo, amuna anga atadzuka bwino, ndinawaikira pulani patsogolo n'kuwauza kuti ikufuna kudinda. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndathira madzi pamenepa?” anafunsa.

“Simunathire.”

“Ndiye mukuti ndidinde chiyani, mai a Godwin?”

Mtima wanga unakhala pansi. Amenewo anali a Namakhwa enieni. Ndinaganiza kuti ngati vuto ndi ndowa, ndowa tili nazo. Tiwatengere kumtundako, athire madzi awo, adinde ndi dzanja lawo anthu akuona, mwana alembe mayeso. Ireen anakayikira, anati ulendowo ungawadwalitse. Ndinamuuza kuti za thupi lawo asiyire ine, ndakhala nalo zaka zambiri kuposa zimene iye wakhala ndi moyo.

Ku Likhubula kuli amuna amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa alendo okwera phiri. Ndinapangana ndi awiri, a Danieli ndi a Paul, abambo a mabanja awo, a misana ngati zitseko. Anamangirira mpando wathu wapulasitiki pa nsungwi ziwiri ndi zingwe za matayala. Tinasankha tsiku limene amuna anga anadzuka akudziwa kuti ndi Lachiwiri. Ndinawaveka shati yoyera ndi chipewa chawo cha kuntchito, chidindo ndi inki ndinaika m'chikwama changa, ndipo galimoto ya mnzathu wa kutchalitchi inatisiya pamene msewu unathera.

Ulendowo unayamba bwino moti ndinayamba kudzitama mumtima. A Danieli ankawaseka kuti madala, mwaonda chonchi koma mukulemera ngati thumba la mzungu lodzaza mabuku. Iwo anayankha kuti n'nzeru zikulemerazo, anyamule mosamala zingatayike. Powoloka mtsinje anamuuza Ireen kuti aone mmene madzi anadyera gombe la kumanzere, n'kumufunsa chifukwa chake. Iye anayankha, iwo anati eya. Ndinaona mtsikanayo akumwetulira koyamba chiyambire matendawa.

Njira inali yoipa. Miyala ikuluikulu imene napolo anagubuduza inali ikadali pomwepo, ina yaikulu ngati nyumba, pakati pa minda ya anthu. Dzuwa linakwera. Amuna anga anasiya kulankhula. Ndinawapatsa madzi ndi nthochi, anadya theka. Titayandikira mudzi, mayi wina wosenza nkhuni anatipatsa moni, iwo n'kumuyankha m'Chilomwe, n'kupitiriza kulankhula zina zambiri zimene mayiyo anangoseka. Ndinamva, koma ndinadziuza kuti ndi kutopa chabe.

Pamalopo tinapeza anthu atasonkhana: a komiti, aphunzitsi, amayi ena, ndi ana ataimitsidwa m'mizere kuti aimbe. A Morton anali atakonza zolankhula. Ndinawauza kuti nyimbo ndi zolankhula zidikire, odwala sakhalitsa padzuwa, abweretse ndowa.

A Danieli ndi a Paul anawatsitsa amuna anga pampando. Ndinagwada kuwavula nsapato, koma anandikankha dzanja n'kuvula okha, pang'onopang'ono, ndi dzanja lamanzere. Anaima atatsamira a Paul. Anayenda kuzungulira zikhomo zimene Ireen anakhoma, mwendo ukukoka. Atafika kumtunda anatambasula dzanja, a Danieli anawagwirira ndowa, iwo n'kuipendeketsa. Madzi anayenda pa dothi lofiira, anapatuka pa kamwala, n'kutsetsereka chakum'mawa kumene Ireen anajambula ngalande. Anawerama, anatapa dothi, analifinya, n'kutsegula dzanja kuliona. Zonse anachita monga ankachitira kale, osaphonya kanthu. Amayi ena anayamba kululutira. Ine ndinatulutsa chidindo.

A Morton anabweretsa desiki imene inapulumuka pa sukulu yakale. Ireen anayala pulani, n'kuika miyala m'makona kuti mphepo isaiulutse. Tinawakhazika amuna anga pampando, ndinawapukuta dzanja ndi chitenje, n'kuwapatsa chidindo. A Morton anagwira inki ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero.

Iwo anayang'ana pulaniyo. Kenako anayang'ana phiri, anayang'ana ana aja, n'kufunsa ngati bwana wa esiteti wafika, chifukwa sitolo ya tiyi imeneyi anaifuna msanga. Sitolo imeneyo anaijambula tisanakwatirane. A Morton anaseka mokweza n'kunena kuti madala ndi anthabwala, n'kusunthira inki pafupi. Ireen anawerama n'kuwauza mofatsa kuti iyi ndi sukulu, abwana, midadada iwiri ndi zimbudzi, ija tinkakambirana pakhonde.

Anamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira alendo mu ofesi.

“Kodi inu ndinu mwana wa yani?” anamufunsa.

Ndinamva mbuzi ikulira kumunsi kwa mudzi. Iwo anaona kuti alakwitsa penapake, chifukwa nkhope za anthu zinasintha, ndipo anachita manyazi ngati mwana. Anadinda chidindo pa inki, anachikweza pamwamba pa pepala, n'kutembenukira kwa ine.

“Lines, ndidinde pati?”

Dzina langa limenelo anali asanalitchule pagulu chikwatirane. Ndipo munthu ameneyu, moyo wake wonse, palibe anamuuzapo poti adinde. Koma ine ndinali nditawakweza phiri, ana anali pamzere, mvula inali pafupi. Malo ake ndinkawadziwa, kabokosi ka pansi kudzanja lamanja. Ndinatambasula chala kuti ndiloze.

Ireen anachotsa miyala ija. Anakoka pulaniyo pansi pa dzanja lawo, n'kuyamba kuipinda. Chidindo chinatsika n'kugunda desiki yopanda kanthu, n'kusiya dzina lawo ndi nambala pa thabwa.

A Morton anakalipa. Anati madzi athira, aliyense waona, chatsala n'chiyani. Anati ana awa akanyowa chaka chino mlandu ndi wake. Anafika mpaka ponena kuti mwana wa m'makomboni akaphunzira amaiwala kumene anachokera. Inenso ndinamukokera Ireen pambali n'kumuuza mawu olimba. Ndinati pulaniyo ndi yabwino, iye akudziwa, ine ndikudziwa, madzi omwe avomereza. Ndinati akutaya zaka zake chifukwa cha kamphindi kamodzi ka munthu wotopa ndi dzuwa, tidikire apume, mutu ubwerera.

“Ukabwerera adzadinda chimene sakuchikumbuka, amayi,” anatero. “Chidindochi chimanena kuti iwo aona ndipo akuyankhira nyumbayi. Khoma likadzang'aluka adzaitana iwowa. Adzayankha chiyani?”

Ndinati khoma silidzang'aluka. Iye anati mwina silidzang'alukadi. Sanalire, ndipo pulani sanaibweze. Anapita kukagwada pafupi ndi mpando, n'kuyamba kuwaveka nsapato. Iwo anamuthokoza, n'kumuuza kuti makolo ake anamulera bwino.

Tinayamba kutsika. A Danieli, amene pokwera sankatseka pakamwa, ankangoti apa poterera, apa tipume. Amuna anga anagona pampando, chipewa chitagwera pamaso. Ine ndinali ndi mkwiyo, ndipo ndinayenda patsogolo kuti ndisaone nkhope ya mtsikanayo.

Sabata yomweyo Ireen anadziwitsa a bodi kuti abwana ake sangathenso kugwira ntchito. Anandifunsa kaye, poti ndine mkazi wawo. Ndinamuuza kuti achite zimene wayamba. Mayeso a chaka chimenecho sanalembe. Chikwangwani tinachotsa ine ndi mwini sitolo ya zitsulo, ndipo tebulo la mkungudza linabwera kunyumba pa ngolo. Pano ndimaikapo mbale. Chidindo Ireen anapita nacho yekha ku bodi.

Pulani ya sukulu anaipereka ku ofesi ina ya ku Blantyre. Kumeneko anaiona bwinobwino, anatumiza munthu wawo kudzayendera malo, anasintha pang'ono denga, n'kudinda ndi dzina lawo. Koma pofika nthawiyo mvula inali itayamba, ndipo a bungwe anati ntchito idikire chilimwe. Thandizolo silinapite kwina monga ankaopsezera a Morton, komabe ana aja anakhala dzinja lina lonse pansi pa mango, mvula ikagwa n'kumabalalika. Aphunzitsi ena anandiuza kuti atsikana akuluakulu angapo sanabwererenso. Sukuluyo pano inamangidwa. Pa mwala wa pakhomo pali maina ambiri, la Ireen palibe, la a Namakhwa palibe. A Morton tikakumana pa msika amayang'ana tomato.

Ofesi ya ku Blantyre ija ndi imene inamulandira Ireen. Zina mwa zaka zake anamuwerengera, zina ayi. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika ndi chikwama chimodzi ndi kompyuta yake. Amayi ake, amene ankayembekeza kuti mwana wawo akhala pafupi tsopano msana wawo utatha ndi dengu la tiyi, anamuperekeza mpaka pa siteji. Ine ndinamupatsa mapeyala ndi chinangwa, ndinamuuza kuti asamadye zokazinga za m'misewu. Zina sindinanene. Anagwada pamaso pa amuna anga n'kunena kuti akupita. Iwo anamufunira ulendo wabwino, n'kumuuza kuti apereke moni kunyumba.

Ireen amaimba foni Lamlungu lililonse. Akuti akhoza kulemba chaka chamawa ngati abwana ake atsopano amusainira. Akuti kumeneko amamupatsa zojambula masitepe ndi zimbudzi za nyumba zosanja, ndipo palibe amapita kukaona malo ndi ndowa. Ndimamufunsa ngati akadzakhoza adzabwerera ku Mulanje. Amati aona. Kachipinda kaja pano muli wogulitsa mafoni.

Amuna anga masiku abwino aja anatha. M'mawa uliwonse amafuna shati yoyera, ndipo ndimawaveka, chifukwa kukangana nawo n'kutaya nthawi. Amakhala pakhonde chipewa chili pamwendo. Dzuwa likakwera amayang'ana kumsewu n'kundifunsa ngati mtsikana wa kompyuta uja wafika, poti pali sukulu ya kumtunda imene sanakathire madzi. Ndimawauza kuti wachedwa ndi minibasi. Ndikatero ndimatunga ndowa pa mpopi, n'kuwagwira mkono kutsika masitepe, iwo n'kuithira pabwalo. Madziwo amayenda njira yomweyomweyo tsiku lililonse, kudutsa pa mtengo wa mapeyala kukathera ku khola la nkhuku. Amawayang'ana mpaka alowe pansi, kenako ndimawabweza pakhonde n'kukapitiriza zochapa zanga.